Ubweya wa njovu ndi zimene ndinaphunzira kwa anamgumi

Lolemba tinalowa m'paki ya Kasungu kusanache, ine ndi a gemu awiri. M'chikwama changa munali maenvulopu, magolovesi ndi kapano kotolera tinthu ting'onoting'ono. Tinkasaka ubweya wa kumchira kwa njovu, woti tikauyeze utiuze zimene njovuzo zakhala zikudya. Njovu ikachoka m'matope imakadzikhula pamtengo, ndiye mwamwayi ubweya wina umatsalira pakhungwa, wakuda, wolimba ngati waya. Tinazungulira cha ku damu la Lifupa mpaka dzuwa kupendeka, n'kupeza tiubweya titatu tokha. Lachiwiri tinapeza tiwiri.

Mmodzi wa a gemuwo, bambo wachikulire amene anayamba ntchito ine ndisanabadwe, anandifunsa kuti, "Koma amayi, zowerenga ubweyazi munazitola kuti?" Ndinati kwa anamgumi, ndili pasukulu ku South Africa. Anaima n'kundiyang'ana, poti kuno nyanja yamchere tilibe.

Anamgumi ena alibe mano. M'kamwa mwawo muli zinthu zazitali zonga chipeso zotchedwa baleen, zimene amasefera tinyama ta m'madzi. Zimakula mosalekeza ngati zikhadabo, ndipo gawo lililonse limasunga chizindikiro cha chakudya chimene nyamayo inkadya pomwe gawolo linkamera. Chinsinsi chili pa kaboni, chinthu chimene chimapezeka m'chakudya ndi m'thupi la chamoyo chilichonse. Alipo wopepuka, kaboni 12, ndi wolemerako pang'ono, kaboni 13, ndipo kuchuluka kwawo m'chakudya kumasiyana malinga ndi dera la nyanja. Mu 1989 Donald Schell ndi anzake ku Alaska anayeza baleen ya namgumi wotchedwa bowhead, yomwe imatalika mpaka mamita 4. Manambala a kaboni 13 ankakwera n'kutsika, kukwera n'kutsika, ndipo funde lililonse linali chaka chimodzi cha ulendo wa pakati pa nyanja ya Bering ndi ya Beaufort. Palibe anaitsatira nyamayo ndi bwato, thupi lake lomwe ndilo linanena kumene inayenda.

Chimene chimandikhudza kwambiri ndi cha phula la m'khutu. Mu 2013 akatswiri a ku Baylor University anaunika phula la namgumi wa mtundu wa blue whale amene anagundidwa ndi sitima kufupi ndi California mu 2007. Phulalo limaunjikana mizeremizere moyo wonse. M'mizere yoyambirira anapezamo mankhwala ophera tizilombo amene namgumiyo anayamwa kwa mayi ake ali mwana. Ndimati ndikapita kugolosale n'kuona mabotolo a mankhwala opopera fodya, nkhani imeneyi imandibwerera.

Kuno kwathu nzeru yomweyo imagwira chifukwa cha chimanga. Chimanga, mapira, nzimbe ndi udzu wambiri wa m'madambo zili ndi kaboni 13 wochuluka kuposa masamba a mitengo ya m'nkhalango. Ubweya wa kumchira umakula pafupifupi milimita imodzi patsiku, choncho wa masentimita 30 umafotokoza za pafupifupi chaka chathunthu. Katswiri wina, Thure Cerling, ndi anzake anayamba kale kuchita izi ndi njovu za ku Samburu ku Kenya.

Lachitatu ndilo linali tsiku lolemera. Tinapita kumudzi wina wa m'malire mwa paki kukapempha masamba a chimanga oti tiyerekezere. Titalonjerana ndi amfumu, anatitengera kumunda kwa agogo ena aakazi kumene njovu zinalowa usiku wa Lamlungu. Mapesi onse anali pansi, zisononkho zotafunidwa zili mbwee, mapazi a njovuzo aakulu ngati lichero. Chimangacho chinali chitatsala pang'ono kukololedwa. Agogowo anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Mwana wanga, ubweya wakowo ubweza chimanga changa?" Ndinayankha kuti, "Ayi agogo, subweza." Ndinawauza kuti chimene ndingathe n'kusonyeza miyezi imene njovu zimadya kwambiri m'minda, ndi kuti kaya ndi zonse kapena zochepa zozolowera, kuti oika mpanda ndi otumiza alonda asamangolota. Kuyambira mu 2022, pamene njovu 263 zinasamutsidwa kuchoka ku Liwonde kubwera kuno, anthu a m'malire akhala akudandaula, ndipo ine ndimaona kuti mawu awo ayenera kukhala ndi umboni umene munthu wa mu ofesi sangaukankhire pambali.

Njirayi ili ndi pofooka pake, ndipo ndinawauza amfumu poyera. M'nyengo ya dzinja njovu zimadya udzu wanthete wambiri, ndipo pa kaboni udzu ndi chimanga n'zofanana. Timadalira nthawi: udzu ukauma njovu zimabwerera kumasamba ndi makungwa, ndiye kaboni 13 akakwera mwadzidzidzi pamenepo timakayikira munda kapena nkhokwe. Nayitirojeni, chinthu china chimene timayeza mu ubweya ndi m'zomera, amathandizako, chifukwa mbewu yothiridwa feteleza imakhala ndi chizindikiro chosiyana ndi cha udzu wakutchire. N'chifukwa chake ndinatola zonse, udzu wa kudambo ndi masamba a m'munda.

Lachinayi ndinakhala m'chipinda tsiku lonse, mawindo otseka kuopa mphepo. Ubweya timautsuka ndi mankhwala ochotsa mafuta, n'kuudula tizidutswa ta mamilimita 5 kuyambira kutsinde, chilichonse ndi nambala yake. Ukasokoneza ndondomeko, miyezi yasokonekeranso. Masana magetsi anazima ndili pakati poyeza pasikelo, ndinangovundikira zonse n'kudikira mpaka madzulo.

Lachisanu linathera pa mapepala. Ubweya wa njovu sutuluka m'dziko popanda chilolezo cha CITES, pangano la mayiko loyang'anira malonda a nyama zakutchire, ndipo makina owotcha tizidutswati n'kuwerenga kaboni ali ku labotale ya ku South Africa. Zotsatira zidzabwera patapita miyezi. Envulopu ya masamba a m'munda wa agogo aja ndaiika pamwamba m'bokosi, ndipo amfumu ndawalonjeza kuti manambala akadzafika ndidzakawawerengera pabwalo pamudzi pomwepo, m'Chichewa.