Midzi yopanda ana pa njira ya ku Santiago

Anthu mwakhala mukundifunsa pa WhatsApp kuti ulendo uja wa ku Spain unayenda bwanji, ndiye ndati ndingolemba pano kamodzi basi. Achemwali anga kumudzi mpaka lero sakumvetsa, akuti iwe unakula ukudandaula mtunda wa kuchigayo, lero wapeza kandalama kunjako ndiye ukukalipira viza ndi ndege kuti ukayendenso wapansi? Yankho labwino ndilibe, tiyeni tingopitirira.

Njirayi amaitcha Camino de Santiago. Zilipo zingapo koma yotchuka ndi Camino Francés, imayambira pa katauni ka Saint-Jean-Pied-de-Port ku France, tsiku loyamba lomwelo umakwera mapiri a Pyrenees mpaka kutsikira ku Roncesvalles mawondo akunjenjemera, kenako Pamplona, Logroño, Burgos, León, mpaka ku Santiago de Compostela komwe ife Akatolika timakhulupirira kuti kuli manda a mtumwi Yakobo, m'bale wake wa Yohane uja. Ndi makilomita pafupifupi 800, ambiri amatha mwezi ndi kanthu. Kusochera nkovuta chifukwa paliponse pali mivi yachikasu, pamwala, pamtengo, ngakhale pakhoma la khola, ndipo anayambitsa kupenta ndi bambo mfumu wina wa ku O Cebreiro dzina lake Elías Valiña m'ma 1980, nthawi imene oyenda njirayi anali atachepa kwambiri.

Umayenda ndi kakhadi kotchedwa credencial, pena paliponse ukagona kapena kumwa khofi amakudindira chidindo. Kogona ndi mu ma albergue, chipinda chimodzi anthu gulu, mabedi osanjikiza, fungo la sokosi, mkonono wa mitundu yonse ya anthu padziko lapansi. 10 koloko usiku magetsi azima, kusanache ena ayamba kale kupekesa mapepala apulasitiki ndi kukuwalitsa tochi kumaso. Za matuza sindinena zambiri, aliyense amakhala nawo ndipo aliyense madzulo amasanduka dokotala wa mapazi a mnzake.

Koma chimene chandikhala mumtima mpaka pano ndi midzi. Ukangodutsa Burgos umalowa chigwa chachikulu chotchedwa Meseta, minda ya tirigu mpaka kumene maso alekezera, mitengo yowerengeka, dzuwa lili phwee. Pali pena kuchoka ku Carrión de los Condes kukafika ku Calzadilla de la Cueza makilomita 17 opanda mudzi ngakhale umodzi pakati. Anthu ambiri amakwera basi kudumpha chigawo chimenechi ati nchotopetsa, ine ndikuti amataya nyama nkutsala ndi msuzi.

Ndiye tangoganizani mwayenda kuyambira m'mamawa, mwaona nsanja ya tchalitchi patali, mtima pansi kuti tafika kwa anthu. Mukulowa m'mudzimo, zii. Mawindo otseka, nyumba zina za dothi zikugumuka denga litagwera mkati, tchalitchi chachikulu choti mungalowe anthu mazana koma chokhoma, pamwamba pake adokowe atamanga zisa akugogoda milomo. Palibe mwana ngakhale mmodzi. Kwathu mlendo wa chikwama kumsana sangadutse m'mudzi osamva phokoso la ana akumulondola, wina kumufunsa kuti mukupita kuti, agogo pakhonde kumuitanira madzi. Kumeneku umangomva ndodo zako zokha kuti go go go pamsewu.

Pa mudzi wina ndinakhala pa benchi limodzi ndi agogo ena aamuna, kapusi kumutu, ndodo pakati pa miyendo. Chisipanishi changa ndi cha moni ndi zikomo basi ndiye tinkacheza kudzera pa foni, ine kulemba iwo kuwerenga atatalikitsa mkono. Anandilozera kanyumba kena kuti iyo inali sukulu yathu, inatsekedwa kalekale. Ana awo ali ku Madrid ndi ku Bilbao, amabwera mu Ogasiti kudzapuma. Nkhani yake ndi yoti kuyambira m'ma 1950 mpaka m'ma 1970 anthu anakhamukira m'mizinda kukafuna ntchito m'mafakitale, ena mpaka ku Germany, France ndi Switzerland, mathirakitala atabwera munda umene unkafuna banja lonse unayamba kulimidwa ndi munthu mmodzi. Atandifunsa za kwathu ndinawaonetsa chithunzi cha pa chinkhoswe cha mphwanga, ana ali mbwee kutsogolo, anachiyang'ana nthawi yaitali nkufunsa kuti onsewa ndi a mudzi umodzi?

Midzi ina ikupumira mwa ife oyendafe. Foncebadón, kumtunda ukadutsa Astorga, unatsala pang'ono kufa, anthu ake ochita kuwerenga ndi zala, lero kuli ma albergue ndi malo odyera chifukwa aliyense amadutsa pomwepo popita ku Cruz de Ferro, mtanda wachitsulo uja umene anthu amasiyapo mwala wochokera kwawo. Nzabwino ndithu, koma ine sindinganame kuti mudzi wadzuka, ndi malo ogona alendo, nyengo yozizira ikafika malo ambiri amatseka. Mudzi woti anthu ake onse amanyamuka 7 koloko m'mawa nkubwera ena atsopano masana, kaya tiutche chiyani.

Ku Galicia, chigawo chimene kuli Santiago, zinthu zimasintha, kobiriwira, mvula yosapanganika, ndowe za ng'ombe panjira, masamba ataliatali a ndiwo m'madimba. Ndipo ali ndi nkhokwe! Amazitcha hórreo, zazitali ngati bokosi, zokwezedwa pa miyendo yamiyala yokhala ndi mwala wathyathyathya pamwamba kuti makoswe asakwere, amasungiramo chimanga. Ndinajambula zambirimbiri mpaka anzanga oyenda nawo kudabwa kuti mkuluyu watani.

Kuchokera pa Sarria, pamene patsala makilomita opitirira pang'ono 100 kuti ufike ku Santiago, ndiye chipwirikiti. Kuti ulandire satifiketi yotsimikizira kuti wayenda njirayi, yotchedwa Compostela, umafunika kuyenda makilomita osachepera 100 wapansi, kapena 200 pa njinga, nkumadinditsa kawiri pa tsiku, ndiye anthu ochuluka amayambira pomwepo, nsapato zoyera, zikwama zatsogola pa galimoto. Mu 2023 okha olandira satifiketiyi anaposa 400,000. Sindikuwanyoza ayi, wina tchuthi chake ndi sabata imodzi, wina ndi wodwala, koma ukakhala kuti wachokera ku Meseta phokosolo limakulasa.

Ku Santiago ndinachita nawo Misa ya oyenda, tchalitchi chodzaza ena titakhala pansi. Chofukizira lubani chachikulu chija, Botafumeiro, tsiku limenelo sanachigwedeze, amatero pa masiku akuluakulu a mpingo kapena gulu lina likalipira. Amene mukufuna kupita dziwani kuti 2027 ndi Chaka Choyera chifukwa 25 Julaye, tsiku la Yakobo Woyera, idzagwa Lamulungu, anthu adzakhala ngati nyerere ndipo bedi lidzavuta. Pitani chaka china, Meyi kapena Seputembala, ndipo pa Burgos musakwere basi.