Fotokope ya kala sigulitsidwa ndi bulosha

Anthu akamva kuti ndimagulitsa makina a fotokope amaganiza kuti ntchito yake ndi kungonyamula mabulosha nkumazungulira mmaofesi a ku Ginnery Corner kapena ku City Centre basi. Kuyenda timayendadi, koma ntchito yeniyeni imayamba pamene kotesheni yako yaikidwa pa tebulo limodzi ndi ya Canon, ya Ricoh, ya Kyocera, ina ya Konica Minolta, ndipo abwana a procurement maso awo ali pa mzere umodzi wokha wa pansi uja, wa total. Ndikulembera makamaka anzanga amene mwangolowa kumene mu ntchitoyi, chifukwa ndimamva chisoni ndikaona mnyamata wanzeru akutha mphindi zake zonse akunyoza makina a mnzake mmalo mofunsa kasitomala kuti amasindikiza chani.

Choyamba tivomereze, makina a masiku ano a gulu limodzi amafanana kwambiri. Tenga ya A3 ya kala yotulutsa mapepala 25 kapena 30 pa mphindi, yonse imapulinta, imakopa, imasikana kupita ku imelo, imasindikiza mbali zonse ziwiri, ili ndi sikirini yogwiragwira ngati foni. Komanso makampaniwa anamezana kalekale. Gestetner ija aphunzitsi athu ankapukusa ndi dzanja posindikiza mayeso inagulidwa ndi Ricoh mu 1995, ndipo maina ngati Nashuatec, Rex-Rotary ndi Lanier onse ali mmanja mwa Ricoh yemweyo. Kyocera inatenga Mita mu 2000, Konica ndi Minolta anaphatikizana mu 2003, HP inagula mbali ya mapulinta ya Samsung mu 2017. Ndiye ukamanyoza dzina lina uku ukutama lina, tsiku lina udzapezeka kuti ukunyoza ndi kutama makina amodzi omwewo ongosiyana sitika, ndipo mkulu wa IT amene wakhala phee pakona paja amazidziwa zimenezi.

Pamene pali kusiyana kwenikweni mpa mtengo wa pepala limodzi, ndipo pa kala mpamene nkhaniyi imakula. Makina a black and white ali ndi tona imodzi (ufa umene umagwira ntchito ngati inki), drum imodzi (kamgolo kamene tona imayamba yamatapo isanapite pa pepala). A kala ali ndi matona anayi, cyan, magenta, yellow ndi black, nthawi zambiri ma drum anayinso, kuphatikiza transfer belt (lamba wosonkhanitsa mitunduyo nkuiika pa pepala), fuser (chotenthetsa tona kuti imamatire), ndi kabokosi kotayiramo tona yotsala, zonsezi zimatha ndipo zonse ndi ndalama. Pabokosi la tona amalemba kuti imatulutsa mapepala mwakuti, koma nambala imeneyo amaiyeza pa pepala lomwe mtundu uliwonse wangodzaza pafupifupi 5 peresenti, ndiye kuti kakalata ka mizere yochepa ndi kalogo pamwamba. Tsono ofesi ya NGO yosindikiza malipoti odzaza zithunzi za ku field, kapena tchalitchi chosindikiza mapulogalamu a ukwati okhala ndi maluwa mbali zonse, tona yomweyo imatha msanga zedi ndipo amayamba kuganiza kuti munawanamiza. Ine ndimawauziratu tisanasainirane, bola akhumudwe lero kusiyana nkuti adzandiimbire foni atakwiya.

Ndimakonda kutenga pepala nkuwerengetsera limodzi pamaso pawo. Tiyerekeze ofesi imasindikiza mapepala a kala 3,000 pa mwezi, ndipo pakati pa makina awiri pali kusiyana kwa K20 yokha pa pepala. Imeneyo ndi K60,000 pa mwezi, K720,000 pa chaka, pa zaka 5 yafika K3,600,000. Makina amene anaoneka otchipa pa kotesheni aja akhoza kukhala ndi amene adye ndalama zambiri. Zili ngati kugula galimoto osafunsa kuti imamwa mafuta bwanji. Akauntanti akangoona masamu amenewa amakhala tsonga, ndipo kuyambira pamenepo amakhala akukumenyera nkhondo mkati mwa komiti iwe kulibe.

Koma kuti upeze manambala oona uyenera kupita pomwe pali makina akalewo, osathera mu ofesi ya abwana ayi. Pali ofesi ina ku Lilongwe ndinapempha kuti ndione makina omwe ankafuna kusintha, anali pa kolido pafupi ndi reception. Amayi amene amawagwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku anabwera, ndinawapatsa moni nkuwafunsa kuti, "Mayi, makinawa amakuvutani pati?" Anatsegula chitseko cha mmbali osayang'ana nkomwe, dzanja linazolowera, nkundionetsa pomwe mapepala amakodwa, zala zawo zili ndi tona wakuda mmakona a zikhadabo. "Achimwene, ikangofika nthawi ya mvula ndiye basi, pepala lililonse ndimachita kukoka." Nditasuzumira mu kabati ya pansi ndinapeza ma ream otsegula ali pa simenti, mapepala atafewa ndi chinyezi mpaka kupindika. Vuto limenelo silinali la brand iliyonse. Kenako tinapulinta kauntala, ndiye kuti chiwerengero cha mapepala amene makinawo asindikiza, ndipo tinapeza kuti mapepala a kala ndi ochuluka modabwitsa pa ofesi yoti ntchito yake yambiri ndi makalata ndi ma invoice. Chifukwa chake nchakuti makompyuta onse anasiyidwa pa auto colour, ndiye munthu akapulinta imelo yokhala ndi ka link kabuluu kamodzi, makina amaliwerenga ngati pepala la kala, ndipo pa kontrakiti yolipira pa pepala mtengo wa kala umaposa wa black kangapo konse.

Mu kotesheni yanga ndinalembamo kuti tidzaika black ngati default pa makompyuta onse, aliyense adzakhala ndi PIN yake, kala idzatsegulidwa kwa okhawo oifunadi, ndipo mwezi uliwonse abwana azilandira lipoti la amene wasindikiza zingati. Zimenezi makina a anzathu aja amathanso kuchita bwinobwino, kungoti palibe anazitchula, onse anangotumiza mtengo wa bokosi. Amayi aja ndi amene anakauza abwana awo kuti munthu uyu ndi yekhayo anafika pa makina.

Kasitomala akandiuza kuti "koma a Kyocera akuti drum yawo imakhalitsa" ine ndimavomera, chifukwa nzoona, drum yawo ya amorphous silicon ndi yolimba ndipo ndi pomwe anamangira dzina lawo. Akati Canon imatulutsa zithunzi zokongola sinditsutsa, anthu aja anayamba ndi makamera ndipo fotokope ya kala ya laser anaitulutsa kale mu 1987. Xerox ndiye eni ake a ntchitoyi, makina awo a 914 a mu 1959 ndi amene analowetsa fotokope mmaofesi. Fotokope ya Bizhub ya Konica Minolta mmashopu ambiri osindikiza muli iyo ndipo amisiri oidziwa ndi ambiri. Ukavomera chomwe chili choona munthu amayamba kukukhulupirira pa zinazo. Kenako ndimangowapatsa mafunso oti akafunse aliyense, ine ndemwe. Tona ya magenta ilipo mu sitoko muno mMalawi lero lino kapena mpaka ichoke ku Johannesburg kaya ku Dubai? Makina akaima Lachiwiri mmawa tekinishani afika liti, ndipo ngati ofesi ili ku Mzuzu kapena ku Mangochi achokera kuti? Mu kontrakiti muli drum ndi fuser kapena tona yokha? Akalephera kukonza tsiku lomwelo abwereketsa makina ena? Mafunso amenewa amasefa okha anthu, ine sindifunikanso kutchula dzina la wina aliyense.

Nkhani ya sitoko ija musaitenge mopepuka. Chilichonse cha mmakinawa chimachokera kunja ndipo chimafuna forex. Kwacha itagwa ndi 25 peresenti mu May 2022, kenako 44 peresenti mu November 2023, mitengo ya tona inasintha makontrakiti ali mkati, makotesheni anayamba kukhala a masiku ochepa, ndipo panali maofesi amene makina abwinobwino anangokhala ataphimbidwa nsalu chifukwa cha tona imodzi ya yellow, poti makina ambiri mtundu umodzi ukatha amakana kugwira ntchito ya kala, ena amakaniratu zonse. Ndiye ngati kampani yako imasunga sitoko, chimenecho ndiye chida chako chachikulu, mutengereni kasitomala ku warehouse akaone yekha mashelefu. Ndipo za kusintha kwa mtengo kwacha ikagwa zilembedwe poyera mu kontrakiti, osazibisa mu timalemba tating'ono.

Mpikisano wina umene umatipweteka kwambiri si wa ma brand akuluakulu ayi, ndi makina a kaunjika. Munthu amaitanitsa kontena ya makina amene anatha nthawi yake yobwereketsa (lease) ku Ulaya, amawapukuta bwinobwino nkumagulitsa pa mtengo woti iwe sungayandikire. Sindinganame kuti onse ndi oipa. Kwa mnyamata amene akutsegula kashopu ka fotokope pafupi ndi koleji, ndipo ali ndi mmisiri wake womudalira, nzomveka ndithu kuyambira pamenepo. Koma kwa ofesi ndimawauza kuti ayang'ane kauntala kuti makinawo anayenda mapepala angati, afunse ngati tona ya kuno ikugwira chifukwa matona ena ali ndi chip yoti imagwira pa makina a dera lake lokha, aonenso za magetsi poti ochokera ku America ndi a 110 volts pomwe ife tili pa 230. Ndipo tona yothira ya ufa ija yotchipa imaoneka ngati yapulumutsa ndalama mwezi woyamba, kenako mitundu imayamba kuthimbirira, logo yofiira ikutuluka ngati ya bulauni, developer (chopereka tona ku drum) ndi drum zaonongeka, waranti palibe.

Za magetsi ndimazitchula ngakhale asanafunse. Fuser imatentha kwambiri kuti isungunule tona imamatire pa pepala, ndiye makinawa amakoka moto wambiri akamayamba, ka UPS ka kompyuta sikangawanyamule. Ndi kuthimathima kwa magetsi kuno komanso majenereta osakhazikika, board ya zamagetsi ya mkati mwa makina ikapsa ndi ndalama zambiri, choncho stabilizer yoyenera ndimaiika mu kotesheni ngati mzere wakewake ndi kufotokoza chifukwa chake. Total yanga imakwera pang'ono, inde, ndipo pa tenda za boma pomwe amatsata malamulo a PPDA, bungwe loyang'anira kagulidwe ka katundu wa boma, ndi kuyang'ana wotsika mtengo amene wakwaniritsa zofunika, zimenezi nthawi zina zimandiluzitsa. Kumeneko ntchito imayenera kuchitika kale tenda isanatuluke, kuwathandiza a IT kumvetsa kuti mu specification azifunsamo mtengo wa pepala, kuchuluka kwa mapepala pa tona ndi nthawi yofikira tekinishani, kuti onse opikisana ayankhe mafunso ofanana.

Tenda ikandidutsa ndimaimbabe foni kuthokoza ndi kufunsa mwaulemu kuti ndinaperewera pati, ena amakuuza ena sakuuza. Ndimalemba mu buku langa makina amene agula ndi nthawi imene kontrakiti yawo idzathe, ndipo pakapita miyezi ingapo ndimadutsako kukapereka moni kwa amene amagwiritsa ntchito makinawo nkufunsa kuti tona ikubwera mu nthawi yake kapena ayi.