Momwe ndinatengera makontena awiri kuchokera ku Nacala kufika ku Blantyre

Katundu wanga anali zipangizo za zigayo. Ndinasankha doko la Nacala chifukwa ndi lakuya, sitima zikuluzikulu zimakocheza bwinobwino, komanso njanji yake imalowa m'Malawi muno.

Ntchito ndinaiyamba sitima ikadali panyanja. Ndinatumiza bill of lading (chikalata cha katundu chochokera kwa eni sitima), invoice ndi packing list (mndandanda wa zomwe zapakiridwa) kwa ejenti wa ku Nacala, amene kumeneko amamutcha despachante. Iyeyu ndiye amalembetsa katundu mu Janela Única, njira ya pa kompyuta ya kasitomu ya ku Mozambique, ngati wongodutsa, kuti asalipire msonkho wa ku Mozambique, ndipo pamaikidwa chikole chomwe chimamasulidwa katunduyo akatuluka m'dzikolo. Apa ndi pomwe ndinapunthwa. Nambala ya kontena imodzi inalembedwa molakwika, ndipo kukonza kwake kunandidyera masiku 4. Mtima unali m'mwamba, poti masiku aulere omwe eni sitima amapereka akatha, kontena iliyonse mumailipirira tsiku ndi tsiku, m'madola. Chiyambireni pamenepo nambala ndimaziwerenga ndekha, chilembo ndi chilembo.

Mabogi a sitima yapamtunda ndinasungitsiratu. Njanjiyi imanyamulanso malasha ochokera ku Moatize, ulendo wa makilomita 912 mpaka ku Nacala-a-Velha, choncho katundu wamba amayenda pa nthawi yomwe wapatsidwa. Ndinali nditalankhulanso ndi mwini lole kuti njanji ikavuta, monga zimachitikira nthawi ya dzinja, tidzere msewu wa Mandimba, Chiponde, Mangochi mpaka Liwonde. Sizinafike pamenepo.

Chomwe chinandithandiza kwambiri ndi gulu la pa WhatsApp. Ndinaikamo maejenti onse awiri, wa ku Nacala ndi wa kuno ku Malawi, mkulu wina wa ku njanji ndi dalaivala, chifukwa aliyense amadziwa gawo lake lokha, wina amalemba Chipwitikizi, wina Chichewa. M'mawa uliwonse ndinkafunsa funso limodzi: "Bwana, makontena agona kuti?" Nampula, Cuamba, Entre Lagos, kenaka Nayuchi.

Asanawoloke malire, ejenti wa kuno anali atalowetsa kale Form 12 (fomu yolembetsera katundu ku kasitomu) mu ASYCUDA, njira ya pa kompyuta ya MRA, ndi TPIN yanga (nambala yolipirira msonkho), ndalama ya msonkho ili pafupi. Sitima yapamtunda inadutsa Liwonde, pa Nkaya n'kukhotera kummwera. Ku Blantyre a kasitomu anatsegula kontena imodzi, anaona katundu, anatimasula.

Tsiku lomwelo tinatsitsa zonse, mawa lake ndinabweza makontena opanda kanthu n'kutenga chikalata chotsimikizira kuti alandiridwa, pakuti masiku amasiya kuwerengedwa pokhapo.