Zimene ndatola ku maphunziro a ma expert client ku Dedza

Sabata yatha yonse ndinali pa boma la Dedza, kumaphunziro a ife odzipereka kuthandiza anzathu amene akumwa ma ARV. Kuchipatala amatitchula kuti ma expert client. Kunkazizira kwambiri, moti m'mawa tinkalemba zala zili gwa.

Ndinapita ndikuganiza kuti zambiri ndikuzidziwa kale. Mankhwala ndinayamba mu 2012 ndili woyembekezera, patangopita chaka Malawi atayamba ndondomeko ya Option B+, yoti mayi woyembekezera amene ali ndi kachilombo ka HIV ayambe kumwa pomwepo osadikira kuti chitetezo cha m'thupi chitsike. Mwana wanga anabadwa alibe kachilombo. Ndiye mumtima ndinkati mbiri yangayi ndiyokwanira kulimbikitsa aliyense.

Tsiku lachiwiri tinachita sewero. Aphunzitsi athu, anamwino achikulire, anakhala ngati bambo amene wasiya mankhwala miyezi itatu, ine n'kukhala phungu. Ndinalankhula ndithu. Ndinafotokoza kuti ukamadumphitsa, tizilombo timachuluka m'magazi, ndipo vayiro lodi, kutanthauza kuchuluka kwa tizilomboto akayeza magazi, ikapitirira 1,000 ndiye kuti zinthu sizili bwino. Ndinanenanso kuti kuyambira 2019 ambiri tili pa mankhwala a dolutegravir, piritsi limodzi patsiku, palibe chovuta. "Bamboyo" anangoti zyolizyoli. Nditamaliza, aphunzitsi anatembenukira kalasi n'kufunsa kuti, "Kodi bambowa anasiyiranji mankhwala?" Panalibe woyankha, chifukwa ine sindinawafunse.

Kenako anatiululira nkhani ya m'seweromo. Bamboyo anapita kukagwira ganyu m'minda ya kachewere ku Mozambique, mankhwala n'kumuthera komweko. Atabwerera ankaopa kupita kuchipatala poganiza kuti akamukalipira pagulu. Sanali wosadziwa ayi. Ankafuna munthu woti amuperekeze, ndi womuuza kuti ulendo wina asananyamuke akhoza kupempha mankhwala a miyezi ingapo. Kwathu kuno malire ali pakhomo pomwepa, ndipo anthu otere timakumana nawo pamsika tsiku ndi tsiku. Usiku umenewo sindinagone msanga. Ndinkakumbukira anzanga a m'gulu lathu amene ndinkawalalikira m'malo mowamvera.

Phunziro la kusunga chinsinsi linandikhudza mwanjira ina. Zaka zapitazo ndinaphonya tsiku langa lokatenga mankhwala, ndipo munthu wina wochita kalondolondo anafika pakhomo n'kufunsa apongozi anga mokweza kuti, "Ali kuti aja sanabwere ku ma ARV?" Nthawi imeneyo ndinali ndisanawaululire. Panatenga nthawi kuti m'nyumba mukhalenso mtendere. N'chifukwa chake pamene ankatiphunzitsa kuti munthu timamuyendera pokhapokha anavomera yekha kuyenderedwa, ndiponso kuti tikapeza anthu ena pakhomo tisatchule chomwe tabwerera, ine ndinalemba mawu aliwonse.

Anatikumbutsanso malire a ntchito yathu. Sife madokotala. Wina akamatsokomola osasiya, akaonda, kapena akatuluka zidzolo, timamutengera kwa achipatala, osamuuza kuti asinthe kamwedwe.

Lolemba ndikuyamba kalondolondo wanga woyamba, limodzi ndi alangizi a zaumoyo a m'dera lathu. Ndivala chitenje wamba, osati malaya olembedwa za ntchito yathu, ndipo buku ndiliika pansi pa chikwama. Ndikafika ndikapereka moni, ndikafunsa za kumunda ndi ana, kenako ndikafunsa kuti, "Achemwali, chinavuta n'chiyani?"