Timajambula makolo monga mmene amakhalira pakhomo

Ntchito yathu ndi kujambula nkhope za anthu pamanja, ndi penti wa mafuta pansalu. Tilipo awiri: ine ndimagwira burashi, mchemwali wanga amakhoma mafelemu ndi kusunga ndalama. Makasitomala ambiri ndi ana amene ali ku Joni ndi ku UK. Amatumiza chithunzi cha makolo pa WhatsApp, nalipira theka, ife n'kuyambapo.

Kajambulidwe kathu tinakatengera kwa akatswiri a ku France otchedwa ma Impressionist, amene anachita chionetsero chawo choyamba ku Paris mu 1874. Koma amene anandigwira mtima ndi Henri de Toulouse-Lautrec, wobadwira mumzinda wa Albi ku France komweko mu 1864, m'banja lakalekale la mafumu. Ali mnyamata, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1880, anajambula mayi ake, Adèle, potsata njira imeneyi. Mayi waulemu wake, wa minda ndi nyumba zazikulu, koma pachithunzipo palibe mikanda yagolide kapena mpando wachifumu. Angokhala patebulo, malaya oyera, kapu patsogolo, maso atazolika pansi, kuwala kukulowera kumbuyo kwawo. Ukayang'ana umaona kuti wojambulayo amawadziwa mayi ake ndipo amawamvera chisoni. Chithunzichi chili ku Albi komweko, ku nyumba yosungirako ntchito zake imene inatsegulidwa mu 1922.

N'chifukwa chake banja la ufumu likabwera kufuna chithunzi cha agogo, sindithamangira cha pamwambo chija, atavala zaulemu, nkhope ili gwa. Ndimapempha china: ali pakhonde akusankha nyemba, kapena akuseka ndi mdzukulu. Ena amakana, amafuna cha mkanjo ndi chisoti basi, ndipo timawajambulira mwaulemu. Koma ovomera aja ndi amene amabweranso ndi abale awo.

Chovuta chili pa khungu. Ma Impressionist ankapewa penti wakuda pojambula mthunzi, ankaikapo wabuluu ndi wapepo. Pa khungu lathu njirayi imagwira bwino zedi: dzuwa la m'mawa likamenya pamphumi pa gogo, pamaoneka kufiirira, mphepete mwa tsaya kabuluu pang'ono. Ukaima pafupi umangoona timizere ta burashi; ukabwerera m'mbuyo, nkhope ija imatulukira yamoyo.

Penti wa mafuta sauma msanga, ndiye ofuna chithunzi cha pa Khirisimasi azitiuza mwezi wa October usanathe.