Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: Kuchoka pa bwinja kufika pa malata

Gawo lapita linathera mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atagwetsa nyumba yathu kumunsi kwa Likangala, ife tili mumsasa pasukulu. Lero za misozi ndaziika pambali. Abale a ku limana akhala akufunsa kuti nyumba yachiwiri tinaimanga bwanji, ndiye ndilemba ntchito yeniyeniyo.

Buku lomwe linatiyendetsa ndi la Nehemiya. Iye atafika ku Yerusalemu sanayambe ndi kuitana amisiri. Anatuluka usiku kukazungulira linga logumuka (Nehemiya 2:13-15), kuona pamene pagwa ndi pamene patsala. Ntchito yoyamba pa bwinja ndi yomweyo: kudziwa chimene chinagwetsa nyumba. Zambiri zomwe zinagwa kwathu kuno sizinakokoloke ndi madzi othamanga ayi. Zinali za zidina, kapena za njerwa zootcha zomangidwa ndi matope. Mvula ikagwa masiku atatu osakata, madzi amaima m'tsinde mwa khoma, matope aja amasanduka phala, khoma n'kukhala pansi ngati munthu wotopa. Mukayang'ana chidutswa chotsala mumaona mzere wakuda pomwe chinyezi chinafika. Yezani mzere umenewo ndi tepi, chifukwa pansi pa nyumba yatsopano payenera kupitirira pamenepo.

Sanibalati, mdani wa Nehemiya, ananyoza kuti kodi miyala ya m'mulu wa zinyalala ingakhalenso ndi moyo (4:2). Imakhala. Njerwa yootcha yomangidwa ndi matope imapalika bwinobwino ndi chikwanje. Igogodeni: ikalira ngwee ndi yabwino, ikalira phu iponyeni pa mulu wokwirira pansi. Malata opindika amawongoka ndi hamala pa thabwa, ndipo amafolera khitchini kapena chimbudzi.

Tsopano maziko, pomwe ndalama zochepa ziyenera kuthera. Kumbani mpaka mupeze dothi lolimba, osachepera masentimita 60, ndipo kudambo muyenera kupitirira apo. Konkire ya pansi ndi thumba limodzi la simenti la makilogalamu 50, wilibala imodzi ndi theka ya mchenga, mawilibala atatu a miyala ya kwale. Matope omangira njerwa za maziko akhale a simenti: thumba limodzi, mawilibala atatu a mchenga. Mmisiri akanena kuti asanu amakwana, dziwani kuti mukumanga linga lija Tobiya, mnzake wa Sanibalati, ankaliseka, loti nkhandwe ikakwerapo ligwa. Mchenga wa mumtsinje ufinyeni m'manja. Ukasiya dothi m'chikhatho, utsukeni kaye, apo ayi simenti sigwira. Maziko akwere masentimita 45 pamwamba pa nthaka, kapena kuposa apo ngati mzere wakuda uja unapitirira pamenepo. Pamenepo yalani pepala lakuda la pulasitiki, lija amisiri amati DPC, musanayambe khoma. Ndi lotchipa, koma ndi lomwe limatsekereza chinyezi kuti chisakwere. Mazikowo muziwathirira madzi m'mawa ndi madzulo kwa masiku 7. Anthu ambiri amadumpha izi pothamangira kulowa m'nyumba, simenti n'kuuma isanakhwime.

Ngati ndalama yathera pamenepa, khoma mutha kumanga ndi matope, bola muike waya wa brickforce pa mizere itatu kapena inayi iliyonse ndi kupaka pulasitala wa simenti kunja. Denga limangidwe ku khoma ndi waya wolowa mizere ingapo pansi, osati kungosanjika miyala pamwamba pa malata. Malata atuluke masentimita 60 kuti mvula isamenye khoma, ndipo kumbuyo kukumbidwe ngalande yotaya madzi kutali.

Pali amene anandiuza kuti kuwerengera matumba chonchi n'kuchepa chikhulupiriro. Ine sindivomereza. Nehemiya anapemphera, komanso anapempha mfumu kalata ya mitengo (2:8). Ndipo linga linatha m'masiku 52 chifukwa aliyense anagwira chigawo chake. Nafenso tinatero. Mabanja asanu ndi limodzi a m'limana tinagwirizana kuti Loweruka lililonse tonse tizipita pa bwinja limodzi, amayi a Mvano kutunga madzi ndi kuphika, abambo kukumba, achinyamata kupala njerwa, mmisiri yekha ndiye wolipidwa. Tinayamba ndi nyumba ya agogo ena amasiye, omwe ankangoti, "Ana anga, ndikulipirani chiyani ine?" Abusa anawayankha kuti, "Amayi, inu tiyambitsireni nyimbo basi."

Chovuta pa dongosolo lotere ndi chakuti amene nyumba yake yatha amayamba kujomba. Tinachikonza pomanga maziko a nyumba zonse kaye, kenako makoma onse, malata pomaliza, kuti pasakhale wolowa m'nyumba anzake akadali panja. Yathu inali yachisanu kufoleredwa, mvula yoyamba itatsala pang'ono. Za ngongole ya ku banki mkhonde yomwe inagula malatawo, ndi mmene inatsala pang'ono kutidanitsa, ndilemba m'gawo 10.