Galaji yathu ndi injini za 392 Hemi zimene zinkaphulitsa makutu pa mamita 402

Galaji yathu ili ku England ndipo ntchito yake ndi imodzi yokha, kumanganso injini zakale za mpikisano wa drag racing. Uwu ndi mpikisano umene magalimoto awiri amanyamukira limodzi pa msewu wowongoka wa kota ya mailo, omwe ndi mamita 402, ndipo wofika koyamba ndiye wapambana. Tinayamba ndi kukonza mahedi basi, mwina kunola mavavu a anthu amene amathamangitsa magalimoto awo ku Santa Pod, bwalo limene linatsegulidwa mu 1966 pamalo pomwe panali bwalo la ndege zankhondo. Pang'onopang'ono makasitomala anayamba kubweretsa injini zathunthu, zambiri mwa izo za mtundu umodzi, Chrysler Hemi yakale.

Chrysler anapanga injinizi kuyambira 1951. Inayamba ndi 331, kenako 354, ndipo 392 inabwera mu 1957 ndi 1958, zaka ziwiri zokha. Nambalazo ndi kukula kwa masilinda onse a injini m'ma cubic inch, moti 392 ndi malita 6.4. Inapangidwira magalimoto aakulu apamsewu, koma anyamata a ku California ankakazitola kumalo otayako magalimoto akutha pa mtengo wozizira. Chimene chinawakopa ndi hedi. Chipinda chopsera mafuta n'chozungulira ngati chipanda chovundikira, pulagi ili pakati penipeni, mavavu aakulu akuyang'anizana, ndiye mpweya umalowa ndi kutuluka mosapanikizika. Ngakhale dragster (galimoto yomangidwira mpikisanowu) yoyamba ya ku Britain, imene Sydney Allard anamanga mu 1961, inali ndi 354 Hemi.

Matimu amene makasitomala athu amafuna kutengera ndi omwewo amene aliyense wokonda masewerowa amawatchula. Greer, Black ndi Prudhomme ankapambana pafupifupi paliponse mu 1962 ndi 1963, Keith Black akumanga injini, Don Prudhomme akuyendetsa. The Surfers, omwe anali Bob Skinner ndi Tom Jobe pamodzi ndi dalaivala wawo Mike Sorokin, anapambana mpikisano wa March Meet ku Bakersfield mu 1966 ndi 392 imene inkamwa mafuta a nitromethane (nitro) osasungunula kwenikweni, pamene anzawo ankaopa kufika pamenepo. M'magalimoto amenewo dalaivala ankakhala kumbuyo kwa matayala akumbuyo, miyendo itadutsa pamwamba pa difu, injini ili pamphuno pake. Mu Malichi 1970 giyabokosi ya dalaivala Don Garlits inaphulika pa bwalo la Lions Drag Strip, galimoto inaduka pakati ndipo iye anataya mbali ya phazi lake lamanja. Chaka chotsatira anapambana mpikisano wa Winternationals ku Pomona ndi galimoto ya injini kumbuyo, ndipo m'zaka zochepa aja a injini kutsogolo anatha m'mipikisano ikuluikulu. Amenewo ndi amene amabwera pakhomo pathu lero.

Buloko, thunthu la injini, ikafika sitilonjeza kalikonse mpaka titaipima, ndipo kasitomala amalipira kupimako payekha, kaya buloko ikhoza kaya ilephera. Timaitsuka mpaka chitsulo chioneke, kenako timaipima ndi maginito ndi ufa wachitsulo kuti ming'alu ionekere. Malo oyamba kuyang'ana ndi pansi, pamene pamakhala mabeyaring'i a crankshaft. Makapu ake anamangidwa ndi mabawuti awiriawiri okha, okwanira galimoto yapamsewu, koma nitro amawakankha mpaka chitsulo chozungulira mabawutiwo chimang'aluka. Mng'alu ukakhala pamenepo timamuuza mwini wake kuti buloko iyi ndi yoika pa chionetsero, osati yoliza. Kuwotcherera chitsulo chakhasiti pamalo onyamula katundu wotere n'kumunamiza munthu. Tikatero timapima kukhuthala kwa makoma a silinda ndi makina a sonic, chifukwa mabuloko ambiri anabooledwa kale kawiri kapena katatu ndipo dzimbiri ladya mbali ya madzi. Buloko yabwino timaiboola 0.030 inchi basi. Yoti makoma apyapyala timaimenya masilivu.

Imene yakhoza timaiika chitsulo chomangirira makapu onse pamodzi, timasintha mabawuti kuika ma stud, n'kuthira simenti yapadera m'njira za madzi kuti makoma asamagwedezeke. Injinizi zilibe ladiyeta. Zimalira mphindi zochepa, ndipo mafuta ochuluka amene zimameza ndi amene amaziziziritsa. Pamwamba pa silinda iliyonse timasema kamzere kozungulira n'kulowetsamo waya wa sitenilesi wa 0.041 inchi, wotuluka pang'ono pamwamba, kuti ulume gasiketi ya mkuwa. Gasiketi wamba imaphulika pa kuliza koyamba. Ma conrod, zitsulo zolumikiza pisitoni ndi crankshaft, ndi a aluminiyamu chifukwa amameza kugunda kwa nitro m'malo mokupereka kwa mabeyaring'i, koma amatalika akatentha, ndiye pakati pa pisitoni ndi hedi timasiya mpata wa pafupifupi 0.060 inchi. Amatopanso. N'chifukwa chake injini iliyonse imatuluka ndi kabuku kake kolembamo kuti yalira kangati, ndipo ma conrod ogula kwa munthu amene sakudziwa mbiri yake sitiika, ngakhale akuwala bwanji.

Blower, pampu yopopera mpweya m'injini imene imakhala pamwamba, ndi GMC 6-71. Inachokera pa injini za dizilo za Detroit, za masilinda 6, iliyonse ma cubic inch 71, zimene zinkayendetsa mabasi ndi malole ku America. Pa dizilo inkagwira ntchito yopepuka, ndiye tisanaiike pa Hemi timasintha mabeyaring'i ndi zivundikiro za kumapeto, n'kupima mpata wa marota mbali zonse ndi filageji. Mpata ukachepa, marota amakhuza khoma akatentha ndipo tizidutswa ta aluminiyamu timalowa m'masilinda. Ukakula, mphamvu yopopa imathawa. Chifukwa blower imapanikiza kale mpweya, mapisitoni ake ndi a kompulesheni yotsika, pakati pa 6 ndi 7. Apa pali chinthu chimodzi chimene timakana kutengera akale. Iwo ankamanga blower ndi mabawuti basi, ndipo moto ukabwerera m'manifolodi inkauluka. Ife timaika chitseko chophulika pa manifolodi ndi malamba ogwira blower, ngakhale mwini galimoto adandaule kuti chithunzi cha 1965 chilibe malamba.

Nitromethane ndi amene amachititsa zonsezi. Petulo amafuna mpweya wolemera kuposa iye ka 14.7 kuti apse bwino, pamene nitro amafuna ka 1.7 kokha chifukwa ali ndi okosijeni mwa iye yekha. Silinda yomweyo imatha kupsereza mafuta ochuluka kangapo. NHRA, bungwe loyang'anira drag racing ku America limene Wally Parks anayambitsa mu 1951, linamuletsa kuyambira 1957 mpaka 1963 chifukwa cha liwiro. Amasakanizidwa ndi methanol, ndipo muyeso sitipima ndi maso. Timagwiritsa ntchito hydrometer, choyezera kulemera kwa zamadzimadzi, pamodzi ndi choyezera kutentha, chifukwa nitro amalemera pafupifupi 1.14 pamene methanol ndi 0.79 poyerekeza ndi madzi, ndipo mafuta omwewo amawerengeka mosiyana m'mawa kozizira ndi masana.

Injini zambiri zimene zimabwerera kwathu zitasweka sizinaswekere pa mpikisano. Zinaswekera poliza. Injini ikazimitsidwa, nitro amatsala m'masilinda. Wina akabwera n'kuitembenuza magineto ali moyo, kapena mafutawo atadzaza silinda moti pisitoni ilibe kopita, conrod imapindika kapena hedi imanyamuka. Kasitomala aliyense timamuphunzitsa ndondomeko yake pamaso pathu asanatenge injini. Magineto azimitsidwe, mapulagi atuluke, injini itembenuzidwe chobwerera ndi sipanala yaitali kangapo mpaka masilinda aume. Poliza, ayambe wayendetsa sitata mpaka geji ya oilo ikwere, alize ndi methanol mpaka mahedi afunde, kenako atsegule nitro. Kusinthako kumamveka. Kulira kosalala kumasanduka kuthetheka ngati nsungwi zikupsa, m'mapaipi mumatuluka malawi, ndipo maso a aliyense woima pafupi amayamba kutuluka misozi. Akazimitsa, oilo atayidwe pomwepo, chifukwa nitro amadutsa maring'i n'kumusungunula mpaka kusanduka wachikasu ngati phala, ndipo mabeyaring'i sakhalitsa pa oilo wotere. Pampu ndi mapaipi a mafuta azitsukidwa tsiku lomwelo, apo ayi methanol amakoka chinyezi n'kudya aluminiyamu, ndipo nozo imodzi ya mafuta, ya kampani ya Hilborn kapena Enderle, ikatsekeka, silinda yake imalandira mafuta ochepa n'kuboola pisitoni.

Ntchito yathu yambiri masiku ano ndi ya cacklefest, mwambo umene unayambira ku msonkhano wa California Hot Rod Reunion pa bwalo la Famoso, pomwe magalimoto akale amakankhidwa ndi galimoto ina ngati kale, n'kuimikidwa pamzere akulira osathamanga. Kuno amasonkhana pa Dragstalgia ku Santa Pod. Injini ya cacklefest timaimanga mofewerapo, blower ikuzungulira pang'ono, kuti buloko ya 1957 ikhale zaka zambiri. Amene akufuna kuthamanga zenizeni timamulangiza buloko ya aluminiyamu ya mtundu wa Donovan 417, imene Ed Donovan anatulutsa mu 1971 potengera 392 yomweyo. Mahedi ndi blower zimakwana bwinobwino, ikaboola mbali imawotchereredwa, ndipo buloko yachitsulo ija timaipaka oilo n'kuibweza kwa mwini wake m'bokosi lamatabwa.